Kainjini ka turbo kayamba kuphethira laiti ya oyilo: ndigulitse kapena ndikonze?

Bambo a Mapasa, Lolemba 19:42
Akuluakulu, moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osalankhula, koma lero zandithina. Miyezi isanu ndi itatu yapitayo ndinagula galimoto yoyendapo kale, ya petulo, kainjini ka masilinda atatu kokhala ndi turbo. Pano yafika makilomita 92,000. Kuikonda ndimaikonda: pachitunda imakoka ngati ya malita awiri, ndipo paulendo wautali siifika malita 6 pa makilomita 100. Vuto layamba sabata yatha. Ndikaliza m'mawa, kalaiti kofiira ka oyilo kamachedwa kuzima. Kale kankazima pompo, pano ndimawerenga mpaka kanayi. Dzulo ndikumaliza chitunda kanaphethira kawiri n'kuzimanso. Ndinaima, n'kusolola dipisitiki, oyilo ali pamzere wapamwamba bwinobwino. Alamu anga akuti injini za turbo zing'onozing'onozi zikadutsa 100,000 basi zatha, ndigulitse isananoke. Mtundu wa galimoto sinditchula kaye, mwina ogula ali pagulu pomwe pano kkkk. Ndithandizeni nzeru.

Mfana wa Giya Sikisi, 19:47
Kkkkk ndiye mukufuna mutiponyere bomba ife tomwe? Gulitsani kunja kwa gulu, bwana.

Spana 17, 19:55
Achimwene, choyamba makiyi muwaike m'thumba. Mawa musailize. Laiti imeneyo sikunena za kuchuluka kwa oyilo, ikunena za presha. Sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, itha kukhala yodzaza koma pampu osatha kumukoka. Ndiyankheni zitatu. Oyilo munathira wanji sevisi yathayi? Buku la sevisi la mwini wake woyamba likuti chiyani? Chachitatu, tsegulani chotsekera pothirira oyilo, muunike ndi tochi ya foni. Pa injini zina lamba wa timing, woyendetsa mavalavu, amaoneka pomwepo. Mundiuze ngati mwaona lamba, tcheni, kapena zitsulo chabe.

Bambo a Mapasa, 20:21
Ndabwerako. Oyilo ndi 20W-50, makaniko wanga anati wolimba ndiye amateteza bwino injini ikatentha. Buku lili ndi zidindo mpaka 41,000, kenako masamba oyera mpaka pomwe ndinagula pa 80,000. Pothirira oyilo ndaona lamba wakuda, wonyowa ndi oyilo, kumsana kwake kuli timing'alu tambirimbiri ngati chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato. Kodi lamba amayenera kunyowa? Ine ndimadziwa kuti oyilo akadontha pa lamba ndiye wawonongeka.

Spana 17, 20:48
Ndimaopa zimenezo. Khalani pansi ndikufotokozereni.

Pa injini zakale mukunena zoona, lamba amakhala kunja kouma ndipo oyilo ndi mdani wake. Koma pali injini zing'onozing'ono zingapo zomwe anazipanga dala kuti lamba aziyenda m'kati mwa oyilo, pofuna kuchepetsa phokoso ndi kukhuzana kwa zitsulo. 1.0 EcoBoost ya Ford yomwe inatuluka mu 2012 ndi yotero, 1.2 PureTech ya Peugeot ndi Citroën ndi yotero, 1.0 turbo ya Honda nayonso. Labala wake ndi wapadera, koma amapirira oyilo wa mtundu umene anamupangira, komanso oyilo waukhondo. Mukathira wina, kapena oyilo akakhalitsa n'kusakanikirana ndi petulo, labala uja amafufuma, amang'aluka, n'kuyamba kunyenyeka.

Nyenyeswazo zimagwera mu sampu. Pansi pa pampu ya oyilo pali kasefa ka waya, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana. Nyenyeswa zimakamatirira pamenepo. Pampu imakhala ngati munthu akuyamwa madzi ndi paipi yomwe wina waitseka ndi chala. M'mawa oyilo wanu wa 20W-50 uja ali phaa kulimba, ndiye kudutsa pa kasefa kotsekeka kumatenga masekondi anayi mukuwerengawo. Pachitunda injini ikufuna oyilo wambiri, pampu ikulephera, laiti n'kuphethira.

Woyamba kufa ndi njala ndi turbo. Kashafiti kake kamazungulira kupitirira 200,000 pa mphindi, pomwe injini yeniyeniyo imathera cha m'ma 6,000, ndipo kamayandama pa kachigawo kopyapyala ka oyilo basi. Akatsatira ndi mabeyaringi a crankshaft. Palinso china chomwe anthu sachidziwa: injini zambiri za turbo zili ndi vacuum pump yothandiza mabuleki, nayonso imadalira oyilo yemweyo. Nyenyeswa zikaitseka, pedulo ya buleki imauma ngati mwala. Pa PureTech opanga ake anaitanitsapo magalimoto kuti akaunikidwe chifukwa cha nkhani ya mabuleki yomweyi, ndipo nthawi yosinthira lamba anaitsitsa kufika pa makilomita 100,000 kapena zaka 6.

Inu mwaigwira ikadali kuchenjeza. Ikokedwe kupita kugalaja, isapite yokha.

Madala Kabureta, 21:03
Ndakhala ndikunena pagulu pano, anyamata mumandiseka. Kutenga injini ya njinga yamoto, kuipopera mpweya kuti ikoke galimoto ya anthu asanu, ndi kusenzetsa mwana katundu wa bambo ake. Afika naye, inde, koma msana sukhalitsa. Yanga ya malita awiri yopanda turbo ili pa 380,000, mutu sunatsegulidwepo. Oyilo aliyense imamwa osadandaula. Walira mvula walira matope, mphwanga. Munafuna liwiro ndi kusunga petulo nthawi imodzi.

Dalo Wophunzira, 21:19
Madala, ndi ulemu wonse, apa turbo mukuinamizira. Chimene chikudwala pa galimoto ya bambowa ndi lamba ndi oyilo wolakwika, turbo ikungodikira kuvulazidwa ndi za eni. Komanso turbo si chinthu cha dzulo. Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa nzeru imeneyi mu 1905. Mathiraki akuluakulu a dizilo pafupifupi onse ali ndi turbo ndipo amayenda mitunda yomwe galimoto yanu siidzaiona. Pomwe ndikugwirizana nanu ndi apa: kainjini ka lita imodzi kotulutsa mahachi 125 kamagwira ntchito pa presha ndi kutentha kwakukulu kuposa yanu, ndiye sikakhululuka. Yanu mutha kuiiwala chaka chonse. Aka ukakaiwala kamakukumbutsa.

Madala Kabureta, 21:26
Ndiye mwanena zomwe ndanena ine, kungoti mwawonjezera Switzerland.

Mfana wa Giya Sikisi, 21:27
Kkkkkkk madala lero ali fomu.

Nachisale, 21:50
Ndilankhuleko ine amene ndili nayo, chifukwa ambiri otsutsa turbo sanaiyendetsepo. Yanga ndi ya masilinda anayi, 1.2 turbo, ya tcheni. Ndinaitenga pa 30,000, pano ili pa 214,000, turbo ndi yomwe inabwera nayo. Zomwe ndasinthapo: mapulagi katatu, koyilo imodzi, thermostat, ndi paipi ya mpweya yochokera ku intercooler (choziziritsira mpweya wa turbo) yomwe inang'ambika n'kuyamba kuliza kamluzu. Basi. Chinsinsi palibe. Buku limati oyilo pa 15,000, ine sindidutsa 8,000, ndipo botolo ndimagula ndekha, ndimaima pomwepo akuthira. Makaniko wina anandiuza kuti mayi inu mumavuta. Ndinati eya, ndimavuta, tsegulani botolo ndikuona.

Koma ndinenenso chilungamo, ntchito yanga ndi ya maulendo ataliatali. Injini imatentha mokwanira tsiku lililonse. Mng'ono wanga ali ndi galimoto ya mtundu womwewu, iye ndi kusukulu ya ana ndi kuntchito, makilomita atatu uku atatu uku. Tinasolola dipisitiki yake tsiku lina, oyilo anali atakwera kudutsa mzere, ndipo kununkhiza, petulo yekhayekha.

Bambo a Mapasa, 21:58
Achemwali, pamenepo mwandigunda. Ine kuntchito ndi makilomita anayi. Singano ya kutentha imangoyamba kusuntha ine ndafika. Oyilo amakwera bwanji yekha?

Dalo Wophunzira, 22:14
Injini zambiri zoterezi ndi za direct injection. Petulo sadutsa ku mavalavu monga kale, amapoperedwa m'silinda mwenimwenimo pa presha yomwe imafika mabaa 200, zatsopano mpaka 350. Injini ikazizira, petulo wina sapsa, amanyowetsa khoma la silinda, n'kutsetsereka kudutsa maring'i mpaka mu sampu. Mukayenda ulendo wautali oyilo amatentha, petulo uja amauluka n'kubwerera kukapsa. Mukamangoyenda timaulendo tifupitifupi amangounjikana. Oyilo amasungunuka, ndipo pa injini ngati yanu petuloyo ndi amene amadya lamba. Si nkhani ya galimoto zakale zokha ayi. Mu 2018 Honda anaitanitsa ma CR-V a 1.5 turbo ku China chifukwa cha oyilo kukwera ndi petulo m'madera ozizira. N'chifukwa chake mabuku ambiri ali ndi ndandanda yachiwiri ya sevisi, ya galimoto yogwira ntchito yolemetsa, ndipo timaulendo tifupitifupi amatiika m'gulu limenelo. Anthu amaganiza kuti kuyenda pang'ono ndi kuisunga galimoto.

Spana 17, 22:20
Dalo wanena zoona. Ndiwonjezere: dipisitiki ya achimwenewa ikuonetsa full, koma mwina theka la lita mmenemo ndi petulo.

Bambo a Mapasa, 22:31
Kodi sindingathire flush, mankhwala otsukira m'kati mwa injini aja, ndiilize mphindi khumi, nditaye oyilo, ndithire woyenera? Ndikuona kuti kutsitsa sampu thumba lilira.

Spana 17, 22:36
Ayi. Flush amasungunula matope a oyilo, sasungunula labala. Nyenyeswa zikhala pomwepo, ndipo mankhwalawo atha kumalizitsa lamba amene wafooka kale. Mphindi khumi zimenezo ndi zomwe zingakuphereni turbo. Sampu itsike, kasefa katsukidwe kapena kasinthidwe, lamba watsopano ndi matenshonala ake. Ngati injini yanu ili ndi kalamba kena kakang'ono koyendetsa pampu ya oyilo, nakonso kasinthidwe nthawi yomweyo, musadzatsegule kawiri. Nditumizireni nambala ya injini ku inbox ndikuuzeni oyilo wake weniweni.

Mlongo wa Admin, 22:52
Funso la ife osadziwa. Nkhani ya oyilo woyenera imandisokoneza. Ngati buku lati 5W-30 ndipo botolo lalembedwa 5W-30, si basi?

Spana 17, 23:10
Achemwali, manambala amenewo amangonena kulimba kwa oyilo akazizira ndi akatentha. Sanena mankhwala amene ali m'katimo. Tembenuzani botolo, kumbuyo kuli timalemba ting'onoting'ono: API, ACEA (miyezo ya ubwino wa oyilo), ndi nambala za opanga magalimoto. Mwachitsanzo 1.0 EcoBoost imafuna 5W-20 wa WSS-M2C948-B. Buku lanu lili ndi nambala yakeyake yotero, ipezeke pabotolo. Mabotolo awiri a 5W-30 atha kusiyana ngati usiku ndi usana. Ndipo galimoto zatsopano zokhala ndi sefa ya mwaye mu ekizozi zimafuna oyilo wosasiya phulusa lambiri, apo ayi sefayo imatsekeka.

Za oyilo wolimba zija, amakaniko anzanga tisiye. Zinkagwira pa injini zakutha zokhala ndi mipata ikuluikulu. Izi tinjira ta oyilo ndi topapatiza, kapaipi kopita ku turbo n'kochepa ngati pensulo, ndipo makina osinthasintha timing ya mavalavu amayendera presha ya oyilo. Ukathira 20W-50 sunateteze kanthu, wangochedwetsa oyilo kufika kumene akufunika pa nthawi yoopsa kwambiri, yomwe ndi masekondi oyamba injini ikalira.

Mfana wa Giya Sikisi, Lachiwiri 06:15
Mwadzuka bwanji mabwana. Ine yanga ndi 1.4 turbo ya manual, ndipo petulo ndimasunga kuposa nonse. Ndikafika 50 ndili kale giya sikisi, singano pa 1,200, ndikafuna kupitirira wina ndimangoponda mpaka pansi, turbo imachita yokha. Nthawi zina pamamveka kaphokoso ngati wina wamenya chitsulo ndi hamala kamodzi, koma kamasiya. Ndi zabwinobwino eti?

Dalo Wophunzira, 06:58
Ase, usiye lero lomwe. Chimene ukuchitacho ndi njira yeniyeni yoitanira LSPI, kutanthauza moto woyaka wokha m'silinda nthawi yake isanakwane. Injini ikuzungulira pang'onopang'ono, iwe waponda mpaka pansi, turbo yadzaza silinda ndi mpweya. Kadontho ka oyilo wosakanikirana ndi petulo, kapena kachidutswa ka mwaye wotentha, kamayatsa moto pulagi isanathethetse. Pisitoni ikukwera, moto ukuikankhira pansi. Kugogoda wamba sensa imakumva, kompyuta n'kuchedwetsa moto wa pulagi. Uku kompyuta ilibe chochita, chifukwa motowo sunayambire ku pulagi. Kamodzi kokha kakhoza kuswa pisitoni pakati pa maring'i kapena kupinda konirodi.

Vutoli linavuta opanga injini mpaka malamulo a oyilo anasintha. Anapeza kuti oyilo wokhala ndi calcium wambiri amalikulitsa, ndiye anayamba kuchepetsa calcium n'kuika magnesium. API SN Plus inabwera mu 2018 chifukwa cha zimenezi, kenako API SP mu 2020. Botolo lako likhale ndi chimodzi mwa zimenezo, pokhapokha buku litanena zina. Ndipo ukafuna kupitirira galimoto, tsitsa magiya awiri, singano idutse 2,500, kenako ponda.

Mfana wa Giya Sikisi, 07:04
Ndiye dzina langali ndisinthe? Mfana wa Giya Folo sizikumveka bwino.

Nachisale, 07:09
Sintha dzina, pisitoni ndi yodula kuposa dzina. Uonenso mapulagi ako. Pa turbo amatha msanga ndipo akatakasuka mpata koyilo imavutika. Ine yanga ija inapsa chifukwa ndinachedwa kusintha mapulagi, ndinadzipweteka ndekha.

Madala Kabureta, 07:40
Oyilo wa nambala yachinsinsi, giya yosankha, mapulagi a iridium, ulendo usakhale waufupi. Imeneyi ndi galimoto kapena wodwala wa kuchipatala? Kale mu 1962 anayesa turbo pa Oldsmobile Jetfire, inkafuna kuthiridwa madzi akeake osakaniza ndi methanol, eni ake ankaiwala, sinathe zaka zitatu pamsika. Munthu sasintha. Chinthu chofuna kukumbukiridwa tsiku lililonse chimafa m'manja mwa anthu wamba.

Dalo Wophunzira, 07:52
Kkkk madala akudziwa mbiri akafuna kupambana mkangano. Pamenepo sinditsutsa. Ndipo anthu asaganize kuti tcheni ndiye chipulumutso. Ma 1.2 ndi 1.4 TSI oyamba a Volkswagen anali a tcheni, matcheni ankatamuka n'kumachita phokoso poliza, mpaka m'badwo wotsatira wa EA211 anabwerera ku lamba wouma. Pomwe PureTech yatsopano ya hybrid yachoka ku lamba kupita ku tcheni. Aliyense akuthawa kumene mnzake akupita. Ofunika ndi kudziwa injini imene uli nayo iweyo, osati kungoti turbo.

Mlongo wa Admin, 08:30
Nanga zoti usazimitse injini ya turbo ukangoima? Amuna anga amakhala m'galimoto mphindi zisanu pakhomo injini ikulira, akuti akuziziritsa turbo. Ine ndimaganiza kuti akumalizitsa macheza a pafoni.

Spana 17, 08:49
Mayi, mwina zonse ziwiri kkkk. Lamulolo linachokera ku ma turbo akale ozizira ndi oyilo yekha. Mbali ya utsi imafika madigiri 900 ndi kupitirira. Ukazimitsa ili chomwecho oyilo amaima m'kati, amapsa n'kusanduka makala, mabeyaringi n'kukalika. Za masiku ano zili ndi mapaipi a madzi, ndipo zambiri zili ndi kapampu kamagetsi komwe kamapitiriza kuzungulitsa madzi injini itazima. Mukamva kamkokomo kochepa pansi pa boneti mutachotsa kiyi, ndi kameneko. Ndiye ngati abambowo afika pakhomo akuyenda mwaulemu m'misewu ya m'tauni, azingozimitsa. Koma akakhala kuti akwera phiri ndi katundu, kapena athamanga ola lonse n'kupatukira pothirira petulo mwadzidzidzi, mphindi imodzi kapena ziwiri n'zothandiza. Ine ndimangochepetsa moto makilomita awiri omaliza.

M'mawanso chimodzimodzi, musaiimike ikulira mphindi khumi kuti itenthe. Ikamalira chiimire imachedwa kutentha ndipo ndi nthawi yomwe petulo amatsikira mu oyilo. Lizani, mangani lamba wa pampando, dikirani theka la mphindi, nyamukani mofatsa. Kuponda kwenikweni kudikire mphindi khumi zoyamba zidutse, chifukwa singano ya padashibodi imaonetsa madzi, ndipo oyilo amatentha mochedwerapo.

Wa Taxi Usiku, 11:12
Palibe amene wanena za madzi. Ine injini ya turbo ndinataya chifukwa cha kapaipi ka pulasitiki, osati oyilo. Kanang'aluka usiku ndili ndi kasitomala, fungo lotsekemera lija ndinalimva koma ndinati ndimufikitse kaye, kwatsala makilomita asanu. Ndinafika, mutu wa injini utapindika. Tiinjini timeneti madzi ake ndi ochepa, tikataya lita imodzi kutentha kumakwera ngati mphezi. Sabata iliyonse yang'anani kabotolo ka madzi injini itazizira. Mukaona kuti katsika kawiri motsatizana, pali pomwe pakutuluka. Ndipo thirani coolant, osati madzi a pampopi.

Dalo Wophunzira, 11:30
Pepani akulu. Nkhani ya mapaipi ndi yodziwika, ngakhale Ford anasinthira anthu kapaipi ka madzi pa ma Focus oyambirira a 1.0 EcoBoost. Injini yomweyo inapambana International Engine of the Year zaka zitatu zotsatizana, 2012 mpaka 2014. Mphotho amaperekera mphamvu ndi kusunga mafuta ikadali yatsopano, sadikira kuti ifike m'manja mwa mwini wachitatu.

Nachisale, 12:05
Bambo a Mapasa, poti injini ikutsegulidwa kale, apempheni aunikenso mavalavu olowetsa mpweya. Pa direct injection petulo satsuka mavalavu, ndiye nthunzi ya oyilo imapsererapo n'kumanga mwaye. Yanga pa 150,000 inayamba kunjenjemera m'mawa, ndimaganiza mapulagi. Atachotsa manifodi ndinaona ndi maso anga, valavu iliyonse itavala chipewa chakuda chonyowa. Anatsuka popopera makoko a walnut operapera. Mankhwala othira mu thanki aja musataye nawo ndalama pa vuto ili, sadutsa kumeneko n'komwe.

Madala Kabureta, 12:20
Ndipo zosunga petulozo? Mwana wanga ali ndi ya turbo, akadzaza banja ndi katundu imamwa chimodzimodzi ndi yanga.

Spana 17, 12:41
Apo madala mwalasa. Mpweya wambiri umafuna petulo wambiri, palibe matsenga. Imasunga ukamayenda mopepuka, turbo ikupuma, ili ngati injini ya lita imodzi. Ukaponda ndi ya malita awiri ndipo imamwa ngati ya malita awiri, nthawi zina kuposa, chifukwa kompyuta imawonjezera petulo kuti aziziritse turbo. Amene amakoka ngolo kapena kunyamula katundu tsiku ndi tsiku ndimamuuza agule injini yaikulu. Pomwe turbo imakuposani ndi kumapiri. Yanu imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse okwera, ya turbo imangopopa mowonjezera.

Bambo a Mapasa, 13:02
Ndamva zonse. Yakwezedwa pa lole m'mawa uno, yapita kwa makaniko wina amene anagwirapo injini zotere. Alamu anga aima pageti akupukusa mutu. Ndidzakuuzani.

Bambo a Mapasa, Loweruka 17:26
Akuluakulu ndabwera ndi lipoti. Ndinapempha kuti ndikhalepo potsitsa sampu. Oyilo atatuluka, makaniko anandinunkhizitsa chala chake, petulo weniweni. Pansi pa sampu panali phala lakuda, ukalifikisa pakati pa zala ukumva timiyala tofewa ngati zofufutira pensulo. Kasefa ka pampu ndiye sindinakazindikire. Anakaloza ku dzuwa, kuwala kumadutsa pakona imodzi yokha, malo osakwana chikhadabo cha chala chachikulu. Injini yonse imapumira pamenepo. Lamba atamuchotsa anali atafufuma, mano awiri atatsala pang'ono kuthothoka, ndipo ukamupinda amaonetsa ulusi.

Nkhani yabwino: anatsegula beyaringi imodzi ya konirodi, ili ndi timizere tochepa koma mkuwa sunaoneke. Turbo anaigwedeza kashafiti, kutsogolo ndi kumbuyo sikakusuntha, m'mbali pang'ono chabe, mapiko sanakhudze khoma. Kapaipi kopititsa oyilo ku turbo anasintha chifukwa kasefa kake kanalinso ndi nyenyeswa. Vacuum pump anatsuka. Mavalavu amene achemwali Nachisale ananena aja ali ndi mwaye koma akuti adikire kaye. Atamanga zonse anaika geji ya presha, yafika pomwe buku likunena, kozizira ndi kotentha komwe. M'mawa uno laiti yazima ndisanachotse dzanja pa kiyi.

Thumba lalira ndithu, koma si mtengo wa injini. Sindigulitsa. Makaniko wanga wakale ndamuuza za 20W-50, akuti iye wakhala akuthira ameneyo zaka makumi awiri. Sindinalimbane naye.

Mfana wa Giya Folo, 17:33
Ndiye bomba mwalitegula nokha kkkk. Onani dzina, ndamvera.

Madala Kabureta, 17:41
Mwachita mwayi, mphwanga. Tidzakambirana pa 200,000, ngati ndidzakhale ndikadali moyo ine ndi foni yangayi.

Spana 17, 18:02
Zakoma. Koma musapume kaye. Nyenyeswa zina zimabisala mu oil cooler ndi m'tinjira ta m'mutu, zimatuluka pang'onopang'ono. Oyilo ameneyu mutaye pa makilomita 1,000 pamodzi ndi fyuluta. Kuchokera apo, ndi timaulendo tanu ta makilomita anayito, musadutse 7,000 kapena miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kamodzi pa sabata muziitulutsa iyende theka la ola osaima. Fyuluta ya pa 1,000 ija musataye. Muidule, mutambasule pepala lake padzuwa, mujambule, mutumize pano tione chomwe yagwira.

Bambo a Mapasa, 18:09
Ndalemba pa kalendala. Alamu anga abwereka galimoto mawa kuti akaone okha ngati ikukokabe. Ndawauza kuti mphindi khumi zoyamba asaponde, ndipo ndikhala nawo pampando wakutsogolo.